Nyumba muzikaiona dzinja

Anzanga amene mumachokera kutali, ndamva ambiri mukukamba zopeza kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu kuti musamayende mtunda wautali. Enanso makolo anu akusunga ndalama za soya kuti agule puloti. Ine ndikuti musanapereke ndalama, yang'anani kaye malo amene nyumbayo yakhalapo. Malata onyezimira asakupusitseni.

Mu Okutobala malo onse amaoneka abwino. Dambo limauma gwaa, kamtsinje kamasanduka njira ya mbuzi. Nthawi yabwino yoonera malo ndi Januwale kapena Febuluwale, mvula ili pakati. Ngati simungadikire, khoma limaulula lokha. Mukaona mzere wakuda m'munsi mwa khoma, kapena njerwa zapansi zikunyenyeka, dziwani kuti madzi amafika pamenepo. Bango ndi mlulu sizimera pouma. Ndipo zimenezi musafunse a landilodi, iwo akufuna ndalama basi. Funsani amayi pamjigo, amadziwa nyumba iliyonse imene inalowapo madzi. Onaninso chimbudzi. Chikakhala kumtunda, chitsime kumunsi, kumbukirani kolera ya 2022 ndi 2023 ija.

Phiri nalonso nloopsa. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ku Blantyre usiku n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe anthu ali m'tulo. Nyumba zambiri zinali zomangidwa m'mbali mwa phirilo, pamene mitengo inatha kale.

Kwa ogula puloti palinso malamulo. M'mbali mwa msewu waukulu muli malo amene ndi a msewu, ngakhale aoneke ngati alibe mwini. Mukamangapo, tsiku lokuza msewu nyumba idzagwetsedwa. Pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM sipamangidwanso. M'tauni, pulani ya nyumba iyenera kuvomerezedwa ndi khonsolo musanakumbe maziko.

Kumudzi kuno vuto lalikulu nlakuti malo ndi a banja. Munthu mmodzi akhoza kukugulitsani munda abale ake osadziwa, mawa lake malume atulukira n'kunena kuti mpa makolo awo. Ena amagulitsa puloti imodzi kwa anthu awiri! Lamulo la malo a mafumu la 2016 limati pakhale komiti ya malo yotsogoleredwa ndi a gulupu, ya anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu kapena kuposa akhale amayi. Choncho makolo anu akaonane ndi amfumu komanso akuluakulu a banja logulitsalo, malire aloze onse pamodzi anansi akuona.

Ife a lendi zathu nzochepa: mugwirizane za tsiku lolipira, za amene akonze denga likadontha, ndi ngati chitseko chili ndi loko. Atsikana makamaka, onani ngati pafupi pali bala. Zonsezo mulembe m'kope, a landilodi asayine, mboni ikhale kholo lanu.