CIKALATA CA NSOMBA: ZA MIDZI YA ANTHU A ALEUT

Inu eni mabanja, mudziwa kuti munda ukatopa ayenera kuugoneka. Mwini wace asauka pang'ono caka cimeneco, koma munda ukhalabe wace, ndipo zitapita zaka ziwiri kapena zitatu abwerako ndi khasu. Koma iye amene agulitsa munda sabwerako konse. M'kalata uyu tikuuzani za anthu a kutari amene munda wao ndiwo nyanja, kuti muone kusiyana kwa kugoneka ndi kugulitsa.

1. Dziko lao

Kumpoto kwa America kuli dziko la Alaska. Kumadzulo kwace kuli zisumbu zondondozana ngati mikanda pa cingwe, ulendo wa mailosi oposa 1,000, pakati pa nyanja ya Bering ndi nyanja ya Pacific. Eni ace a zisumbuzo, ndi a nsonga ya mtunda yoyandikana nazo, achedwa Aleut, koma iwo okha adzicha Unangan. Anali pansi pa Russia kufikira 1867, pamene boma la United States linagula Alaska.

Kumeneko kuli mphepo ndi nkhungu masiku ambiri. Mitengo kulibe, cimanga sicimera. Palibe mseu wocokera ku mzinda. Ufa, mafuta ndi zobvala zidza pa sitima kapena pa ndege, cifukwa cace mtengo wace ngwaukuru. Midzi ya King Cove, Sand Point ndi St. Paul iri ndi anthu mazana angapo. Ya Atka, Nikolski ndi Nelson Lagoon sifika 100.

Dzinthu zao ndi izi: salmon, nsomba yokulira m'nyanja ndi kukwera mitsinje kukaswa monga acita mpasa, halibut, nsomba yaikuru yaphanthiphanthi yogona pansi, cod ndi pollock, ndiponso nkhanu zazikuru. Mudzi wa King Cove unayamba mu 1911 pamene anamangapo fakitale yoika salmon m'zitini. Ngalawa imene igwira nsomba za malonda ndi yomweyo itengera banja ndiwo za pa caka, nigawirako okalamba ndi amasiye. Munthu akasowa ngalawa asowa ndarama, asowanso ndiwo.

2. Cifukwa ca malamulo

Musayese kuti malamulo a usodzi anadza ndi nkhanza. Salmon inacepa kwambiri m'zaka za 1950, nicepanso poyamba pa zaka za 1970. Sitima za maiko ena zinali kukokolola nsomba pafupi ndi gombe, kufikira lamulo la 1976 linaika malire a mailosi 200. Ngalawa za halibut zinacuruka kotero kuti boma linkatsegula nyanja tsiku limodzi kapena awiri okha. Onse anathamangira pamodzi, kungakhale kuli namondwe, ndipo amuna ena anamira. Kuletsa kunafunikadi. Koma malamulo ali a mitundu iwiri: ena atseka nyengo, ena awerenga asodzi. Zipatso zao sizifanana.

3. Malamulo otseka nyengo

Mwezi wa June asodzi a King Cove ndi Sand Point aponya makoka pa njira imene salmon ipita pobwerera ku mitsinje yace. Zina za nsombazo zikadafika ku mitsinje ya kumpoto, kumene anthu a ku Yukon ndi Kuskokwim aziyembekeza kuti adye. Pamenepo pali mlandu wa akumunsi ndi akumtunda, ndipo onse awiri ali ndi ana ofuna cakudya. Kuyambira 1986 akuru oyang'anira nsomba anaika malire pa ciwerengo ca salmon ya mtundu wa chum yogwidwa m'mwezi umenewo. Mu 2001 anadula masiku a usodzi kwambiri. Mu 2004 anawabweza. Zaka zitatuzo zinali zowawa, koma amene anapirira anabwerera ku nyanja ndi ngalawa zao.

Ku St. Paul kunagwa coopsa coposa. Anthu a pa cisumbuco anakhala kale ndi nchito ya zikopa za nyama ya m'nyanja yochedwa fur seal, kufikira malondawo anatha mu 1984. Pamenepo anamanga dooko, natembenukira ku nkhanu. Koma madzi a nyanja ya Bering anafunda mu 2018 ndi 2019, ndipo pofika 2021 nkhanu za mtundu wa snow crab zokwana mabiliyoni 10 zinali zitasowa. Anzeru apeza kuti zambiri zinafa ndi njala. Cakudza siciyimba ng'oma. Mu October 2022 boma linatseka usodzi wa nkhanuzo, cinthu cosacitika ndi kale lonse. Fakitale inakhala cete, ndipo mudzi, umene ndarama zace zambiri zinkacokera ku msonkho wa nkhanu, unatsala ndi thumba lopanda kanthu. Mu 2024 analola kugwiranso pang'ono.

Kutseka kotere ndiko kugoneka munda. Kupweteka kwace kukula pamene mudzi udalira mbeu imodzi yokha.

4. Malamulo owerenga asodzi

Mtundu waciwiri ndiwo tifuna muusamale. Mu 1973 boma la Alaska linalamula kuti asodze salmon ya malonda okhawo ali ndi cikalata. Zikalata anayamba kuzipereka mu 1975 kwa iwo amene anatha kusonyeza kuti anasodza zaka zapitazo. Ciwerengo cace cinatsekedwa; koma mwini cikalata akhoza kucipatsa mwana, kapena kucigulitsa kwa ali yense. Ena a ku King Cove ndi Sand Point analandira ziwiri kapena zitatu, monga mwa mitundu ya makoka ao. Ambiri anagawira ana ao. Ena anagulitsa kwa alendo, nati, Cotsalaco citikwanira. Mlendo anadza ndi ngalawa yatsopano, nasodza m'madzi omwewo, natenga ndarama kunka nazo kwao.

Taonani tsono cimene cicitika m'banja. Kale mnyamata ankayamba ndi kabwato ndi ukonde, nakula nao. Tsopano atate wa ana amuna atatu ali ndi pepala limodzi. Mmodzi alowa m'malo mwace. Awiri akhala anchito pa ngalawa ya mbale wao, kapena acoka kunka ku Anchorage. Wofuna kugula cikalata ayenera kukongola ndarama zambiri asanagwire nsomba ndi imodzi yomwe, ndipo wa ku mzinda apeza ngongole msanga koposa wa ku mudzi.

Mu 1995 anagawa halibut mwa njira yonga yomweyo. Eni ngalawa amene anagwira halibut mu 1988, 1989 kapena 1990 analandira ali yense gawo lace, lalikuru kapena laling'ono monga mwa nsomba anazigwira kale. Mpikisano woopsa uja unatha, ndipo ici cinali cabwino. Koma anchito amene anakoka zingwe m'cisanu sanalandire kanthu. A ngalawa zazing'ono analandira timagawo tosakwanira ndi mafuta omwe, ndipo ambiri anagulitsa kwa akuru.

Mu 2005 anagawa nkhanu. Caka ca 2004 ngalawa zogwira nkhanu zofiira za ku Bristol Bay zinali 251. Nyengo yotsatira zinali 89. Mwini gawo anaona kuti sikufunikanso kutuluka ndi ngalawa yace. Anangobwereketsa gawolo kwa mnzace, nalandira ndarama ali khale kwao. Cotsani 89 pa 251, zitsala 162. Ngalawa iri yonse inali ndi amuna 5 kapena 6. Werengani nokha nchito zimene zinatha m'caka cimodzi. Eni ngalawa ambiri anali a ku Seattle, koma ena a anchito ao anali amuna a ku King Cove, amene ndarama ya nkhanu inkawaolotsa nyengo ya cisanu. Ngalawa zoima pa dooko la mudziwo zinacepanso, ndipo sitoro zinasowa ogula.

Zindikirani ici: mu 2005 nkhanu zinalipo, nyanja sinatsekedwe. Cinacoka m'mudzi ndico ufulu wakuzigwira. Madzi akatayika saoleka.

5. Sukulu ndi msonkho

Boma laling'ono la dera la King Cove ndi Sand Point, lochedwa Aleutians East Borough, litenga madola 2 pa madola 100 ali onse a nsomba zogulidwa m'dera lace. Ndarama imeneyo ithandiza sukulu ndi madooko. Nsomba zikacepa, kapena zikapita kukagulitsidwa kwina, msonkho ucepa. Mabanja a ana ang'ono ndiwo ayamba kucoka. Ndipo ku Alaska sukulu ya ana osafika 10 silandira cithandizo ca boma monga zinzace. Sukulu za ku Nikolski ndi Nelson Lagoon zinatsekedwa motero. Ndipo mudzi wopanda sukulu sukopa banja latsopano.

6. Gawo la mudzi

Mu 1992 anayesa njira yina. Anapatula gawo la nsomba za m'nyanja ya Bering, nalipereka kwa midzi yokhala pafupi ndi gombe lace, si kwa munthu mmodzi mmodzi ai. Midziyo inafika 65, m'magulu 6. Poyamba inali pollock yokha. Pambuyo pace anaonjeza halibut, nkhanu ndi zina, ndipo gawo la pollock linakwera kufika 10 pa 100. St. Paul ali ndi gulu lace. Atka, Akutan, False Pass, Nelson Lagoon, Nikolski ndi St. George ali m'gulu limodzi lochedwa APICDA.

Gawo lotere palibe mkulu kapena mwana wolowerera angaligulitse. Gulu libwereketsa kwa sitima zazikuru caka ndi caka, ndipo ndarama zace zinagula ngalawa, zinamanga mafakitale ku Atka ndi False Pass, zinalipira maphunziro a ana. Si mankhwala a nthenda zonse: midzi ina icepabe anthu, ndipo nkhanu zitafa gawo la nkhanu linakhala gawo la cabe. Koma pamene nsomba zibwera, gawo lipezeka liri pomwepo.

King Cove ndi Sand Point anatsala kunja, popeza ayang'ana ku nyanja ya Pacific. Mu 2004 midzi yotere inaloledwa kugula magawo a halibut m'dzina la mudzi. Koma kugula pa mtengo wa msika cimene ena anacilandira kwaulere nkobvuta, ndipo midzi yowerengeka yokha inatha kutero.

7. Mau otsiriza

Lamulo likadza pa cuma cimene mudzi wonse udyapo, kaya nsomba, kaya nkhalango, kaya dambo, musafunse cokha cakuti, Atiletsa masiku angati? Funsani zitatu izi pa bwalo. Coyamba: ufulu wotsalawo ulembedwa m'dzina la yani, la munthu kapena la mudzi? Caciwiri: kodi ukhoza kugulitsidwa kwa wa kutari? Cacitatu: mnyamata amene lero ali ndi zaka 10 adzalowa pa khomo liti? Masiku oletsedwa atha, nabwera ena. Koma yankho la mafunso atatuwa lidzakhala ndi adzukulu anu.