Usiku wa Ziphaliwali ndi Mabingu

Nkhani yathu lero ndi ya mvula ya usiku ija imene imadza ndi ziphaliwali, imene ana akaimva amabisala m'mabulangete, akulu nayima pakhomo kuyang'ana kumwamba kukung'anima. Makolo athu ankalemekeza mphamvu imeneyi kotero kuti limodzi mwa mayina a Mulungu m'chinenero chathu ndi Mphambe, mwini mabingu ndi mphenzi. Lero tifuna tione chimene chimachitika mkati mwa mtambo, pakuti munthu wochidziwa amatha kuteteza moyo wake ndi wa banja lake.

Mvula ya usiku imayamba kukonzeka masana. Dzuwa la Novembala ndi Disembala limatenthetsa nthaka, ndipo nthakayo imatenthetsa mpweya umene uli pamwamba pake. Mpweya wotentha ndi wopepuka, choncho umakwera utanyamula nthunzi ya madzi. Chinyontho chambiri cha m'dzinja chimatifika ndi mphepo yochokera ku nkhalango za ku Congo ndiponso ku nyanja ya mchere ya India. Kumwamba n'kozizira, motero nthunzi ija imasanduka timadontho ta madzi, ndipo mtambo umabadwa. Mpweya ukapitirira kukwera, mtambowo umakula mpaka msinkhu wa makilomita 15, kumene kuli ngati kusanjikiza kasanu nsonga ya Sapitwa ya pa phiri la Mulanje, imene ndi yotalika mamita 3,002. Mutu wake umaphwatalala ngati bowa. Mukaona mtambo wotere ukuda kumadzulo, dziwani kuti usikuwo simugona bwino.

Anzathu a m'mphepete mwa nyanja, ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Salima, amadziwa kuti kwawoko mabingu amakonda kugunda pakati pa usiku kapena m'bandakucha. Chifukwa chake n'chakuti dzuwa likalowa mtunda umazizira msanga, pamene madzi a m'nyanja amasunga kutentha. Mphepo yozizira imatsika kuchokera ku mapiri a mbali zonse ziwiri, nikumana pamwamba pa madzi ofundawo, n'kukankhira mpweya wonyowa kumwamba. Iyi ndiyo nthawi yomwenso asodzi a usipa amakhala ali pakati pa nyanja ndi nyali zawo.

Nanga moto umachokera kuti mumtambo wa madzi? Kumtunda kwa mtambo n'kozizira kwambiri kotero kuti madzi amaundana. Tizidutswa topepuka ta madzi oundana timauluzidwa kupita m'mwamba, pamene matalala olemererapo amatsika, ndipo pokumana zimagundana ndi kukhulana. Ana a sukulu amadziwa kuti ukakhula cholembera cha pulasitiki m'tsitsi chimanyamula tizidutswa ta pepala. Mphamvu imeneyo ndi magetsi, ndipo ndi yomweyo imene imaunjikana mumtambo. Mtundu umodzi wa magetsi umasonkhana kumutu kwa mtambo, mtundu wina kunsi kwake, ndipo mitundu iwiriyi imakokana. Kukokanako kukakula kwambiri, magetsi amadumpha kudutsa mumpweya. Kudumphako ndiko timati mphenzi. Munthu amene anatchuka poonetsa kuti mphenzi ndi magetsi ndi Benjamin Franklin wa ku America, amene m'chaka cha 1752 anaulutsa kaiti nthawi ya mabingu ku Philadelphia.

Mphenzi zambiri zimathera mumtambo momwemo osafika pansi. N'zimene zimawalitsa thambo lonse usiku, mapiri ndi mitengo n'kuoneka kwa kanthawi ngati masana. Koma zina zimatsika. Njira ya magetsi imatsika kuchokera kumtambo modumphadumpha, ikuchita nthambi ngati mizu ya mtengo. Ikayandikira pansi, zinthu zazitali monga mitengo, nsanja, ngakhale munthu woyima yekha pabwalo, zimatulutsa magetsi okwera kukaichingamira. Ziwirizi zikakumana, njira yatseguka, ndipo kuwala kwakukulu kumaoneka. Kawirikawiri magetsi amadutsa m'njira yomweyo katatu kapena kanayi mofulumira, n'chifukwa chake chiphaliwali chimaoneka ngati chikuphethira.

Njira imeneyi ndi yaying'ono, kunenepa kwake ngati chala chachikulu chabe, koma imatenthetsa mpweya mpaka madigiri 30,000, kuposa kasanu kutentha kwa pamwamba pa dzuwa. Mpweya wotenthedwa mwadzidzidzi chotere umafufuma mwamphamvu ngati chinthu chophulika, ndipo phokoso lake ndilo bingu. Tsono bingu palokha silipha munthu. Ilo ndi mawu chabe a mphenzi imene yadutsa kale.

Apa pali masamu ochepa amene aliyense angathe kuchita ali m'nyumba mwake. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, choncho chiphaliwali timachiona nthawi yomweyo. Phokoso limayenda pang'onopang'ono, mamita pafupifupi 340 pa sekondi, kutanthauza kuti limatenga masekondi atatu kuti liyende kilomita imodzi. Mukaona kung'anima, yambani kuwerenga modekha mpaka mutamva bingu, kenaka gawani chiwerengerocho ndi 3. Mukafika pa 15, mphenziyo yagwa pa mtunda wa makilomita 5. Mukafika pa 3, yagwa pa kilomita imodzi yokha. Chiwerengero chikamacheperachepera, mtambo ukubwera kwanu. Mukamaona kung'anima popanda phokoso, ndiye kuti mvulayo ili kutali kwambiri, pakuti bingu silimveka kawirikawiri kupitirira makilomita 20. Lamulo lake ndi losavuta kukumbukira: ngati mukumva bingu, mphenzi ingathe kufika pamene mulipo.

Pali zikhulupiriro zambiri pa nkhaniyi. Ena amati mphenzi imatumizidwa ndi munthu wanjiru, ndipo m'midzi ina abale adana, okalamba nanamiziridwa ufiti, chifukwa cha maliro otere. Ena amati chovala chofiira kapena galasi loyang'anira zimakoka mphenzi. Zoona zake n'zakuti mphenzi sidziwa dzina la munthu ndipo siona mtundu wa nsalu. Imatsata chinthu chachitali, choyima pachokha, ndiponso imayenda mosavuta m'chitsulo ndi m'madzi. Ikagwera mtengo, magetsi amadumphira kwa munthu amene wabisala patsinde, ena n'kumwazikira m'nthaka mbali zonse. Magetsi oyenda m'nthakawa ndiwo amapha ng'ombe zambiri nthawi imodzi zikaunjikana pansi pa mtengo.

Ngozi yake si yaying'ono. Pa 23 Disembala 1975, kum'mawa kwa dziko limene lero ndi Zimbabwe, mphenzi imodzi inapha anthu 21 amene anabisala mvula m'nyumba imodzi yaying'ono. Bungwe loona zanyengo pa dziko lonse limati palibe mphenzi ina yodziwika imene inapha anthu ochuluka chotere powagwera mwachindunji. Nyumba yotereyi ndi yofanana ndi zambiri za m'midzi mwathu, ndipo phunziro lake likutikhudza.

Tsono tichite chiyani? Mukamva bingu muli kumunda, kudimba kapena pabwalo la mpira, siyani zonse mulowe m'nyumba. Musabisale pansi pa mtengo, pa chulu kapena m'chisakasa. Abusa a ziweto auzidwe zimenezi momveka, pakuti ana ambiri amaopa kusiya ng'ombe kuposa mmene amaopera mphenzi. Asodzi akaona mtambo ukung'anima apalase kubwerera kumtunda usanawafike. Malo abwino kwambiri ndi nyumba yaikulu yolimba, makamaka yokhala ndi chitsulo chotetezera mphenzi, ndiye kuti ndodo ya padenga yolumikizidwa ndi waya wonenepa wolowa pansi. Galimoto ya denga lachitsulo yotseka mawindo ndi yabwinonso. Makomiti a sukulu ndi a mipingo aganizirepo zoika chitsulo chimenechi, chifukwa m'malo amenewa mumasonkhana anthu ambiri.

Muli m'nyumba, chokani pakhomo ndi pawindo, musatsamire khoma, ndipo musagone pansi penipeni. Ndi bwino kukhala pampando. Musaunjikane pamodzi. Musasambe kapena kutsuka mbale pampopi. Wailesi, kanema ndi foni zimene zalumikizidwa ku magetsi muzizule mvula isanayambe. Foni ya m'manja imene siili pa waya ilibe vuto. Bingu lomaliza likamveka, dikirani mphindi 30 musanatuluke, pakuti mphenzi imatha kugwa ngakhale mvula itakata.

Chinthu china chofunika kwambiri ndi ichi. Munthu woombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi mwake, ndipo mungathe kumugwira popanda choopa. Ambiri mwa oombedwa amachira. Chimene chimapha ndi kuima kwa mtima ndi kupuma. Ngati munthuyo sakupuma, mugonekeni chagada, muike manja anu pakati pa chifuwa chake, n'kumakanikiza mwamphamvu ndi mofulumira osalekeza, wina akufuna thandizo lopita naye kuchipatala. Ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, akaonedwe ndi dokotala.

Tisaiwale madzi enieniwo. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Mvula ya mamilimita 50, imene ingagwe usiku umodzi, imathira malita 500,000 pa hekitala imodzi. Pa phiri lopanda mitengo madzi onsewa amatsika nthawi imodzi, atanyamula nthaka ndi miyala. Anthu a ku Zomba amakumbukira Napolo wa mu 1946, a ku Phalombe sadzaiwala wa mu 1991. Mtsinje ungadzaze ngakhale kwanuko kusanagwe dontho, chifukwa cha mvula ya kumtunda. Musawoloke mtsinje usiku, ndipo mukamva mkokomo wachilendo kuphiri, thawirani pamalo okwera.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mtambo womwewo umene umatiopsa ndiwo umameretsa chimanga chathu, ndipo ngakhale mphenzi ili ndi phindu lake, pakuti kutentha kwake kumasintha nayitrojeni wa mumpweya kukhala chakudya cha mbewu chimene chimagwa pamodzi ndi mvula. Choncho usiku wa ziphaliwali ukafika, sonkhanitsani ana m'nyumba, muwaphunzitse kuwerenga masekondi, ndipo tsiku lililonse mverani uthenga wa zanyengo pa wailesi musanakonze ulendo wa kumunda kapena wa panyanja.