Wophunzira za Miyala Akacoka ku Koleji Kunka ku Yunivesite

Aliyense wokhala ku Woodlands kapena ku Kabulonga adziwa phokoso la makina obowola zitsime. Koma ndi owerengeka amene adziwa cimene makinawo akumana naco pansi. Mbali yaikuru ya mzinda wa Lusaka inamangidwa pamwamba pa mwala wa mtundu wa njereza, wochedwa dolomite. Mwala umenewu umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi a mvula, ndipo m'kati mwace muli ming'alu ndi mapanga momwe madzi ayenda msanga. Cifukwa cace zitsime zipatsa madzi ambiri. Cifukwa comweco zonyansa za m'zimbudzi zifika kumadziko mosabvuta. Matenda a kolera amene anagwa mu 2017 ndi 2018, makamaka ku Kanyama, anakumbutsa anthu za coopsa cimeneci.

Tsono mzinda wotere usowa anthu odziwa miyala. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo Sukulu yace ya za Migodi inayamba mu 1973. Kwa zaka zambiri khomo lace linali limodzi: mwana atsirize sekondale, akhale caka coyamba m'Sukulu ya Sayansi, ndipo akakhoza bwino asankhidwe. Koma panalinso ena amene anadzera njira ya makoleji a nchito za manja, monga Zambia Institute of Technology ya ku Kitwe, imene pambuyo pace inalowa m'Copperbelt University. Iwo anaturuka ndi dipuloma, nagwira nchito m'migodi ndi kobowola zitsime.

Munthu wotere akafuna digiri, afika ndi cuma cimene mwana wocokera ku sekondale alibe. Manja ace adziwa kulemera kwa mwala wa mkuwa. Adziwa kuti dontho la asidi licita thobvu lambiri pa njereza wamba, koma pa dolomite licita ulesi kufikira mwalawo utaperedwa. Cimene cimgwetsa ndi cina: masamu ndi kemisitiri zimene anazisiya zaka zapitazo. Kawirikawiri ndiye wamkulu m'kalasi, mwina wa banja, ndipo acita manyazi kufunsa pamaso pa ana. Anzace anapangana kale magulu owerengera pamodzi m'caka coyamba, iye kulibe. Ambiri amene abwerera panjira sabwerera cifukwa ca kupusa iai, koma cifukwa ca kukhala okha.

Thandizo loyamba ndilo kumuwerengera zimene anaphunzira kale, kuti asabwereze pacabe ndi kulipira kawiri. Lamulo la 2011 linakhazikitsa Zambia Qualifications Authority, bungwe loyerekeza makalata a maphunziro kuti dipuloma ndi digiri zikhale makwerero a makwero amodzi. Ku California maganizo otere analembedwa mu 1960, pamene anakonza kuti wokhoza bwino m'koleji ya zaka ziwiri apitirire ku yunivesite. Komatu lamulo lingotsegula khomo. Wophunzirayo ayenera kuuzidwa poyera, asanasiye nchito yace, kuti ndi maphunziro ati amene adzamkhululukira ndi zaka zingati zimene zidzatsala. Masabata owerengeka obwereza masamu makalasi asanayambe angathe kupulumutsa caka cathunthu.

Palinso nkhani ya kuthengo. Za miyala siziphunziridwa m'nyumba mokha. Wophunzira ayenera kuyenda masiku ambiri ndi nyundo, kampasi ndi nsapato zolimba, akujambula mapu. Ulendo wotere udya ndarama, ndipo wa banja asowa kudziwa masiku ace nthawi ikalipo. Koma kumeneko zinthu zitembenuka. Iye amene anali cete m'kalasi ndiye ayamba kuzindikira mwala, ndipo mphunzitsi wanzeru amuika kutsogolera gulu, kuti ana aja amene amfunsa za miyala usana amthandize masamu madzulo.