KODI NYENYEZI ZIMABADWA BWANJI?

Anthu ambiri amayesa kuti nyenyezi zonse zinakhalako ciyambire ndipo sizisinthika. Koma akatswiri a zakumwamba anapeza kuti nyenyezi zimabadwa, zimakalamba ndi kufa, ndipo zina zirinkubadwa ngakhale lero lino. Malo amodzi obadwira nyenyezi tingathe kuwaona ndi maso athu.

Madzulo a January ndi February, mitambo ya mvula ikang'ambika, yang'anani nyenyezi zitatu zondondozana zimene tizicha Akamwiniatsatana, za m'gulu limene m'mabuku a Cingerezi alicha Orion. Cakumwera kwace mudzaona tinyenyezi tina titatu tosawala kwambiri, ndipo kapakati kaoneka ngati kautsi. Kameneko si nyenyezi imodzi ai, koma mtambo waukuru wa mpweya ndi pfumbi. Uli kutali ndithu. Kuunika kumayenda mailosi 186,000 pa sekondi imodzi, komabe kocokera kumeneko kumatha zaka ngati 1,350 kasanatifike.

Mtambowu suli ngati wa mvula. Mpweya wace wambiri ndi wocedwa haidrojeni, ndipo mbali zace zamdima nzozizira koposa, madigiri 260 kupitirira kuzizira koumitsa madzi. M'kuzizira kotere mpweya umakhala bata, ndipo mphamvu yokoka, yomweyo imene igwetsa mango pansi, imayamba nchito yace. Pamene mpweya wacindikala pamakoka wina wapafupi, napanga mibulu monga ya m'phala losatakasa bwino. Mbulu uliwonse umanka nupanikizika, ndipo popanikizika umatentha, monga pampu ya njinga ifunda poipopa. Kutentha kwa m'kati kukafika madigiri ngati 10,000,000, haidrojeni ayamba kusandulika mpweya wina wocedwa hiliyamu, naturutsa kuunika ndi kutentha. Pamenepo nyenyezi yabadwa. Dzuwa lathu, limene liri nyenyezi ndithu, linabadwa motero zaka 4,600 miliyoni zapitazo.

Nyenyezi sizibadwa imodzi imodzi, koma zambiri pamodzi. M'caka ca 1947 katswiri wa ku Armenia, Viktor Ambartsumian, anasonyeza kuti magulu ena a nyenyezi zazikuru zotentha sanagwirane kolimba, ndipo ayenera kumwazikana msanga. Tsono popeza tiwaona akali pamodzi, ndiye kuti ngobadwa catsopano.

Cimene ife tiona kuti ncozizwitsa koposa ndi ici: nyenyezi zazikuruzo zikabadwa zimaononga mtambo umene unazibala. Kuwala kwace koopsya kumatenthetsa mpweya wozizungulira, ndipo mpweya wotenthawo umafufuma nukankha mtambo wozizira uli patsogolo pace. Wina umamwazika, koma wina umapanikizika, nupanga mibulu yatsopano. Motero kubadwa kwa nyenyezi kumanka kuyenda m'mtambo monga moto wa lupsa, umene usiya mapsya m'mbuyo nuyaka patsogolo pamene pali udzu. Maganizo awa anawalongosola Bruce Elmegreen ndi Charles Lada m'caka ca 1977. Akatswiri akali kukambirana za kucuruka kwa nyenyezi zobadwa mwa njira iyi, cifukwa zambiri zimabadwanso popanda cozikankha.

Mu Orion muli cizindikiro cace. Gulu lakale koposa, la zaka ngati 10 miliyoni, liri cakumpoto ndi kumadzulo kwa Akamwiniatsatana, ndipo mtambo wace unatha. Akamwiniatsatana ndi ocepera msinkhu, pamene nyenyezi zinai zimene ziunikira kautsi kaja sizinafike patali ndi zaka miliyoni imodzi. Kuseri kwa izo kuli mtambo wamdima umene maso sangaupenye. M'caka ca 1970 makina omvera mafunde a wailesi anamva mpweya wace, ndipo makina ozindikira kufunda apezamo nyenyezi zimene zikali zokutidwa m'pfumbi.

Aphunzitsi amene angathe kubwereka magalasi oonera patali aturutse ana pa bwalo usiku wopanda mwezi, kutali ndi moto kapena nyali. Adikire mphindi khumi kuti maso azolowere mdima, ndipo kautsiko kadzaoneka bwino lomwe.