Thandizo la boma pa nthawi ya mliri: ife akumudzi tinaphunzirapo chiyani?

Tsiku lina pa msonkhano wa kalabu yathu mnyamata wina anandifunsa kuti, "Kodi ndalama za Covid zija ankalandira anthu a m'tauni, bwanji ife sizinatifike?" Funsoli ndi labwino zedi, ndipo likukhudza nkhani yathu ya HIV ndi Edzi. Tiyeni tilione bwinobwino.

Zinayamba bwanji?

Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo pa 23 Malichi sukulu zonse zinatsekedwa. Kenako boma linati kuyambira pa 18 Epulo aliyense abindikire pakhomo masiku 21. Mavenda m'matauni anakana, bungwe la HRDC linakadandaula kukhoti, ndipo pa 17 Epulo bwalo lalikulu la milandu linaimitsa m'bindikirowo. Mfundo yake inali yosavuta: munthu wodalira ganyu ukamutsekera m'nyumba, adya chiyani?

M'miyezi imeneyi boma linalengeza njira zingapo zochepetsera ululu. Mtengo wa mafuta a galimoto unatsitsidwa. Mabanki anagwirizana ndi Reserve Bank kuti ongongola apumeko kubweza kwa miyezi itatu. Pulezidenti ndi nduna anadula malipiro awo ndi 10 peresenti kwa miyezi itatu. Koma chimene chinamveka kwambiri ndi K35,000 pamwezi, ndalama yofanana ndi malipiro otsikitsitsa a nthawi imeneyo, yopita kwa mabanja ovutika a ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Ndalamazi zinachedwa: anthu anayamba kulandira pa foni mu 2021, boma la Pulezidenti Lazarus Chakwera litalowa kale.

Nanga ife akumudzi?

Maganizo ake anali akuti wa m'tauni amagula chilichonse, ndiwo, makala, madzi ndi lendi yomwe, pomwe wakumudzi ali ndi munda. Izi n'zoona ndithu, koma sikuti ife zinatiphonya ayi. Abale amene ankatitumizira kangachepe kuchokera ku Joni ntchito zinawathera, ena anabwerera chimanjamanja. Nawo a m'tauni analeka kutumiza. Chimanga chikhoza kukhala m'nkhokwe, koma sopo, mchere ndi thiransipoti yopitira kuchipatala zimafuna ndalama.

Kumudzi kuno njira yaikulu imene boma limafikira osauka ndi Mtukula Pakhomo. Ndondomekoyi inayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo Chitipa ndi limodzi mwa maboma asanu ndi awiri oyambirira kuilandira. Ambiri sadziwa kuti m'zaka zoyambirira ndalama zake zinkachokera ku Global Fund kudzera ku National AIDS Commission, poti ambiri mwa mabanja ovutikitsitsa anali amene Edzi inawalanda owasamala: agogo olera ana amasiye ndi ana olerana okhaokha. Sikuti aliyense wosauka amalandira. Pa nthawi ya mliri ankasankha banja losaukitsitsa lomwenso linalibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, ndipo mabanja otere ankakhala pafupifupi 10 mwa 100 alionse.

Zikukhudzana bwanji ndi HIV?

Apa ndiye pagona nkhani. Sukulu zitatsekedwa mu 2020, kafukufuku wa boma anapeza kuti atsikana oposa 40,000 anatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 analowa m'banja m'miyezi yochepa chabe. Mimba iliyonse pamenepa ikutanthauza kugonana kosadziteteza, njira yomweyo imene kachilombo ka HIV kamadzera.

M'kalabu mwathu munali mtsikana wina wanzeru, amene ankatitsogolera pa masewero. Mlongo wake wa ku Joni ataleka kutumiza ndalama, pakhomo panavuta. Bambo wina wamalonda anayamba kumugulira sopo ndi mafuta odzola. Sukulu zitayamba kutsegulidwa mu Seputembala, iye sanabwerere. Mpaka lero ndimadzifunsa: tinali kuti ife anzake? Uthenga wa kudziletsa ndi makondomu ankaudziwa kuposa tonse, koma njala ikalowa m'nyumba, zidyamakanda sizichedwa kupeza khomo.

Anzathu amene amamwa ma ARV nawo anaona zovuta. Ena amati mankhwala amawapweteka m'mimba mukakhala mulibe kanthu, ena ndalama yoyendera inasowa. Chabwino n'chakuti mu 2020 Unduna wa Zaumoyo unakulitsa ndondomeko yopereka mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi kwa amene akumwa mokhulupirika. Kwa ife okhala kutali ndi chipatala, limeneli linali thandizo lenileni.

Tichitepo chiyani?

Chakudza sichiimba ng'oma. Mliri wina, chilala kapena kusefukira kwa madzi zikhoza kubwera, choncho tikonzekeretu.

Choyamba, tidziwe kuti thandizo lililonse likupita kwa yani. Tifunse ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena kwa alangizi a zosamalira anthu, ndipo tikumbutse atsogoleri za agogo ndi ana amasiye amene aiwalika.

Chachiwiri, kulembetsa thandizo la boma n'kwaulere. Wina akakupemphani ndalama kapena kugonana kuti dzina lanu lilowe m'kaundula, kaneni kupolisi kapena imbani 116.

Chachitatu, tizilondola ndalama. Mu 2021 kafukufuku anasonyeza kuti zina mwa K6.2 biliyoni za Covid sizinagwiritsidwe ntchito moyenera. Kufunsa mwaulemu si mwano.

Chachinayi, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tiyambe banki m'khonde, dimba kapena khola la nkhuku la kalabu, kuti mnzathu akasowa sopo asakapemphe kwa munthu woti amuwonongera tsogolo.

Ndipo wina akajomba misonkhano iwiri, tisamangoti watanganidwa. Tinyamuke tikamuone kwawo. Kambiranani izi pa msonkhano wanu wotsatira, ndipo mutilembere zimene mwagwirizana.