Mababu a LED pa galimoto: kuwala kwambiri si kuona bwino

Makolo ndi ophunzira, amene timayenda kukada pa msewu wochokera pa Chitakale kudutsa kwathu kuno kupita ku Phalombe taona kusintha. Kale nyali za galimoto zinkaoneka zachikasu pang'ono. Lero minibasi zambiri, magalimoto ang'onoang'ono ndi njinga zamoto za kabaza zili ndi nyali zoyera mbee, zothobwa m'maso zikadali patali. Amenewa ndi mababu a LED. Makolo ena akuganiza zoika mababuwa, ndipo msewu wake ndi womwewu umene timadutsa pochokera ku swala ya Isha. Choncho ndi bwino tidziwe mmene amagwirira ntchito.

Babu lakale, la halojeni, lili ndi kawaya kamene kamatentha mpaka kuwala. Mphamvu yambiri imathera m'kutenthako. Babu la H4, lomwe lili m'magalimoto ambiri, limadya mawati 60 pa fulu ndi 55 pa dimu. LED ilibe kawaya. Ndi kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga komwe kamatulutsa kuwala magetsi akadutsamo. Nick Holonyak wa ku America anapanga LED yofiira mu 1962. Yabuluu inavuta kwa zaka zambiri mpaka Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura a ku Japan ataipeza, ndipo mu 2014 analandira mphoto ya Nobel. Kuwala koyera kumene tikuonaku kumachokera ku LED yabuluu yomatidwa mankhwala achikasu.

Ubwino wake ulipo ndithu. LED imadya magetsi ochepa, imakhalitsa, ndipo siduka msanga ndi kugwedezeka kwa m'misewu yokumbika. Pa nyali za mabuleki ndiye imathandiza kwambiri chifukwa imayaka nthawi yomweyo, pomwe babu lakale limachedwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi, ndiye kuti wobwera m'mbuyo amapindula mamita anayi. Mamita amenewo akhoza kupulumutsa munthu.

Vuto lili ku nyali zakutsogolo. Kumbuyo kwa babu kuli mbale yonyezimira imene imasonkhanitsa kuwala n'kukuponya pa msewu. Mbaleyo anaiumba moyeza kuti kawaya kaja kakhale pamalo amodzi enieni. N'chifukwa chake dimu imakhala ndi malire: kumanja kuwala kumatsika kuti kusalase m'maso mwa wobwera kutsogolo, kumanzere kumakwerako kuti kuonetse oyenda pansi ndi a njinga. Magalimoto ochokera ku Japan amatiyenera pamenepa popeza nakonso amayenda kumanzere ngati kuno. Mukachotsa babu la halojeni n'kuikamo la LED, kuwala nthawi zambiri sikuchokeranso pamalo paja. Malire amasokonekera ndipo kuwala kumamwazikira m'mwamba ndi m'mbali.

Mwini galimoto amaganiza kuti wapindula chifukwa pafupi ndi galimoto payera ngati masana. Koma kutali, kumene afunika kuona ngozi isanafike, nthawi zina kuwala kumachepa. Wobwera kutsogolo naye amathobwa m'maso kwa kanthawi, osaona wanjinga wosenza nkhuni kapena mwana woyenda m'mphepete. M'nyengo ya chiperoni, nkhungu ikatsika m'phiri la Mulanje, kuwala komwazika kumabwerera m'maso mwa dalaivala yemweyo.

Tsono musanagule babu latsopano, yambani mwaona galasi la nyali. Lambiri limachita chikasu ndi dzuwa, ndipo kungolipukuta bwino kumabweza kuwala. Ngati mwasankhabe LED, gulani yolingana ndi nambala ya babu lakale, ndipo mukaika muyese. Imikani galimoto pamalo osalala, mamita 10 kuchokera pa khoma. Yezani kutalika kwa nyali kuchokera pansi, mulembe msinkhu womwewo pakhomapo, kenaka yatsani dimu. Malire a kuwala aoneke bwino, ndipo akhale pafupifupi masentimita 10 pansi pa chizindikirocho. Ngati malire sakuoneka, kuwala kwangoti mbwee khoma lonse, babulo siloyenera nyali imeneyo. Bwezeranimo la halojeni, kapena gulani nyali yathunthu yopangidwira LED.

Dziwaninso kuti LED imatentha kumbuyo kwake. Ena mwa mababuwa ali ndi kafani kozizirirtsa, ndipo fumbi likakatseka babu limafa msanga. Pa indiketa pali china. Babu lakale limadya mawati 21, ndiye mukaika LED galimoto imayesa kuti babu lapsa, indiketa n'kuyamba kuphethira mofulumira. Makaniko wa zamagetsi amakonza zimenezi posintha kachipangizo kophethiritsa. Mitundu nayo musaisinthe: kumbuyo nyali zofiira, indiketa zachikasu, kutsogolo zoyera. Nyali zabuluu kapena zothwanima zimasokoneza ena, osadziwa ngati chikubwera ndi galimoto kapena njinga. Nyali zazitali zija zoika padenga kapena pa bampa n'zam'tchire, osati zoyatsa pokumana ndi anzanu. Kumbukirani kuti nyali ndi zina mwa zomwe a Road Traffic amayang'ana popereka COF.

Inu ophunzira, musaganize kuti poti galimoto ili ndi nyali zowala ndiye kuti dalaivala wakuonani. Mwina nayenso wathobwa m'maso ndi mnzake. Yendani kumanja kwa msewu, moyang'anizana ndi magalimoto obwera, ndipo kukada valani choyera kapena nyamulani tochi. Nyali ikakulasani, yang'anani pansi m'mphepete mwa msewu ndipo patukani. Njinga yanu ikhale ndi chonyezimira chofiira kumbuyo.

Kwa makolo oyendetsa, pempho ndi limodzi. Madzulo ano yatsani dimu, mutsike, mupite kutsogolo mamita angapo, ndipo muwerame mpaka msinkhu wa mwana. Chimene maso anu aone pamenepo ndi chomwe anzanu amakumana nacho usiku uliwonse.