Kapaipi ka pulasitiki m'chiwindi: zoti mudziwe mbale wanu akabwerako ku India

Mwina mwaonapo pa Facebook kapena pagulu la WhatsApp uthenga wopempha thandizo: mbale wathu akufunika kupita ku India, chiwindi chafooka, mchemwali wake wavomera kumupatsako gawo la chake. Timasonkha, timagawa uthengawo, akabwerako timaika zithunzi za pa eyapoti n'kuthokoza Mulungu. Koma nkhani sithera pamenepo ayi. Ena mwa odwalawa amabwera ndi kapaipi kopangidwa ku fakitale m'mimba mwawo, ndipo kakhoza kuyambitsa vuto patapita miyezi kapena zaka.

Tiyambe ndi opaleshoniyo. Ku Malawi kuno sitichita opaleshoni yoika chiwindi china, ndiye anthu amapita kunja, makamaka ku India kapena ku South Africa, monga pa Wits Donald Gordon Medical Centre ku Johannesburg. Chiwindi chili ndi mwayi womwe impso ilibe: ukachidula chimameranso. N'chifukwa chake munthu wamoyo akhoza kupereka gawo n'kukhalabe bwinobwino. Opaleshoni yoyamba yotere yomwe inayenda bwino inachitika mu 1989 ku Brisbane, Australia, pomwe dokotala Russell Strong anaika gawo la chiwindi cha mayi mwa mwana wake. Mwana amakwanira ndi kagawo kochepa, koma wamkulu nthawi zambiri amafuna mbali yakumanja, yomwe ndi pafupifupi magawo 6 mwa magawo 10 a chiwindi chonse.

Vuto limayambira apa. Magazi amatuluka m'chiwindi kudzera m'mitsempha ikuluikulu itatu: wakumanja, wapakati ndi wakumanzere. Madokotala akamadula mbali yakumanja, kawirikawiri mtsempha wapakati amausiyira wopereka uja kuti chiwindi chake chotsala chisavutike. Koma mbali yochotsedwayo ili ndi timitsempha tomwe tinkathira magazi mumtsempha wapakatiwo. Ukangotimanga, magazi amadzadza ngati madzi m'dimba lopanda ngalande, gawolo limatupa n'kulephera ntchito. Ndiye pamafunika ngalande yatsopano.

Ngalande yabwino ndi mtsempha weniweni wa munthu, monga wochotsedwa mwa womwalira amene anapereka ziwalo zake. Koma m'mayiko ambiri a ku Asia opereka ziwalo akamwalira ndi ochepa, choncho zipatala zikuluzikulu monga Asan Medical Center ku Seoul zinayamba kugwiritsa ntchito mapaipi opangidwa ndi PTFE, yomwe ambiri amaidziwa ndi dzina la Gore-Tex, kapena nsalu ya Dacron. Mapaipiwa amapezeka nthawi iliyonse, amabwera masaizi osiyanasiyana, ndipo apulumutsa anthu ambiri. Komabe si nyama ya thupi.

Vuto loyamba ndi kutsekeka. Magazi amaundana m'kati mwa kapaipiko. Kakatsekeka pang'onopang'ono patapita miyezi, nthawi zambiri palibe choopsa, chifukwa chiwindi chimakhala chakula ndipo magazi apeza tinjira tina. Koma kakatsekeka m'masabata oyambirira, chiwindi chatsopano chimatupa, ndipo madokotala angafunike kukatsegula poikamo kawaya kotchedwa stent.

Lachiwiri ndi tizilombo. Pulasitiki ilibe magazi akeake, ndiye mabakiteriya akamatirirapo mankhwala amavutika kuwafikira. Onjezerani pamenepo kuti wodwalayu amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, monga tacrolimus, kuti thupi lisakane chiwindi chachilendo. Zotsatira zake zikhoza kukhala mafinya kapena tizilombo m'magazi.

Lachitatu ndi lodabwitsa: kapaipi kamasuntha. Mwa anthu ochepa, kamakhuzana ndi chifu, thumbo loyamba lotuluka m'chifu kapena njira ya ndulu mpaka kuboola n'kulowamo. Ena samva kanthu, amangokapeza powayeza ndi kamera yolowetsa kukamwa kapena CT scan. Ena amamva kupweteka m'mimba, amatentha thupi, kapena amataya magazi. Kuchotsa kwake kumatheka ndi kamera yomweyo, apo ayi opaleshoni ina.

Nanga zikutikhudza bwanji ife a ku Mchinji? Tonse timadziwana: thupi likatentha timati ndi malungo basi, n'kuthamangira kugolosale kukagula panado. Kwa munthu amene anaikidwa chiwindi, kuchedwa kumeneko kukhoza kumutayitsa moyo. Akatentha thupi, akamanjenjemera, maso akasanduka achikasu, akasanza magazi kapena chimbudzi chikada bii, pitani naye ku Mchinji District Hospital tsiku lomwelo, kaya muli ku Kapiri, ku Mkanda kapena ku Kamwendo. Ayezedwe malungo, inde, koma muwauze a dokotala poyambirira pomwe kuti anachitidwa opaleshoni ya chiwindi, kuti ngati pakufunika amutumize msanga ku Kamuzu Central Hospital.

Musanachoke kuchipatala chakunjako, funsani mafunso awa: munaikamo kapaipi? Ka mtundu wanji? Zikavuta tilumikizane ndi ndani? Mayankho alembedwe pa kalata yotulutsira wodwala. Achinyamata apa ndiye ntchito yanu: jambulani mapepala onse ndi foni, sungani pa imelo, tumizaninso kwa wachibale wina. Kaya mwathamangira kuchipatala cha ku Chipata poti ndi kufupi, mapepalawo ayende nanu.

Mankhwala asadumphitse, asasinthe yekha, ndipo zitsamba asamwe. Ngakhale mankhwala a kuchipatala amatha kulimbana ndi tacrolimus: rifampicin wa TB amaichepetsa m'magazi, pomwe ma ARV okhala ndi ritonavir amaichulutsa kwambiri. Wolemba mankhwala aliyense adziwe zomwe wodwalayo akumwa kale.

Ambirife sitidzafika pa opaleshoni yotereyi, ndipo ndalama zake si zamasewera. Chapafupi ndi kusamala chiwindi chomwe tili nacho. Katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana ku Malawi mu 2002, kutanthauza kuti ambiri amene anabadwa chisanafike chakacho sanalandire ali makanda. Ngati ndinu mmodzi mwa iwo, kafunseni zoyezetsa magazi. Mtedza ndi chimanga zachuku zimakhala ndi poizoni wa aflatoxin yemwe amayambitsa khansa ya chiwindi, ndiye chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino n'kusiya woola wa nsinjiro zapakhomo tichisiye. Likodzo lichizidwe msanga, ndipo kachasu wa tsiku ndi tsiku uja chiwindi chimasunga ngongole yake.